Lamba wakuda, sikelo ndi kadontho: manambala a m'masewero omenyana amanenanji?

Muphwa wanga wa ku Chinamwali wangoyamba kumene karati. Lamba wake ndi woyera, wautali moti akamanga nsonga zake zimalendewera mpaka m'mawondo. Tsiku lina madzulo tili pakhonde anandifunsa kuti: "Amalume, munthu wa lamba wakuda amagwetsa anthu angati nthawi imodzi?" Ndisanayankhe n'komwe, anatulutsa kope la masamu. Aphunzitsi anawauza kuti 8.45 aisiye ndi nambala imodzi yokha kumanja kwa kadontho, ndipo iye ndi mnzake anabwera akukangana njira yonse, wina akuti 8.4, wina akuti 8.5.

Mafunso awiriwa ndi a bere limodzi. Luso la munthu limakula ngati chimanga m'munda, suona tsiku limene chatalika. Kulemera kwa thupi nako kumasintha ndi kapu iliyonse ya madzi. Koma mayeso ndi mipikisano zimafuna malire, ndiye wina ayenera kulemba mzere n'kunena kuti uyu walowa, uyu watsala kunja. Lamba ndi mzere wotere. Kufupikitsa nambala, kumene ana asukulu amati kuraunda, ndi mzere winanso. Akuluakulufe zimatisokonezanso. Timakangana pa WhatsApp tikaona kanema wa kamwana ka zaka 10 katavala lamba wakuda, ndipo ambiri tinadabwa mu 2024 titamva kuti katswiri wachotsedwa mu fainolo ya Olimpiki chifukwa cha magalamu 100 okha.

Kyu ndi dan: kuwerenga chotsika, kenako chokwera

M'masewero ambiri ochokera ku Japan, monga judo, karati ndi aikido, ophunzira amagawidwa pawiri. Oyamba kumene ali m'magiredi otchedwa kyu, ndipo amene adutsa pamenepo ali m'madan. Chovuta n'chakuti kyu imawerengedwa chotsika. Munthu amayambira pa kyu 10, kwina pa 6, malingana ndi bungwe, n'kumatsika mpaka kyu 1, yomwe kawirikawiri ndi lamba wabulauni. Akadutsa apo, kuwerenga kumatembenuka: dan 1, dan 2, dan 3, kumangokwera.

Ife a kuno izi siziyenera kutizunguza mutu. Aliyense amene anadikirako zotsatira za MSCE kuchokera ku MANEB, yomwe likulu lake lili konkuno ku Zomba, akudziwa kuti 1 ndiye giredi yapamwamba ndipo 9 ndi kulephera, moti wa mapointi 6 ndiye amamuimbira nthungululu, osati wa 36. Kyu imayenda chimodzimodzi. Dan ili ngati zaka za ku yunivesite ku Chirunga: wa chaka chachinayi ali patsogolo pa wa chaka choyamba.

Amene anabweretsa madan m'masewero omenyana ndi Jigoro Kano, mphunzitsi amene anayambitsa judo ku Tokyo mu 1882 pasukulu yake yotchedwa Kodokan. Nzeruyo sanaipeke yekha. Anaitenga ku go, masewero apabolodi a timiyala takuda ndi toyera, ofuna kuwerengera patali ngati bawo, kumene osewera ankapatsidwa madan kuyambira m'zaka za m'ma 1600. Mu 1883 Kano anapereka dan yoyamba kwa ophunzira ake awiri, Tsunejiro Tomita ndi Shiro Saigo. Lamba wakuda wosonyeza zimenezi anabwera pambuyo, cha m'ma 1886. Izi zisanayambe, aphunzitsi a kamenyedwe ku Japan ankangopereka kalata yotchedwa menkyo kwa wophunzira amene amukhulupirira.

Karati inachokera pachilumba cha Okinawa ndipo kumeneko inalibe malamba. Gichin Funakoshi atapita nayo ku Tokyo mu 1922, anatengera chovala ndi madan kwa anzake a judo, n'kupereka madan oyamba a karati mu 1924. Ndiye mwambo umene m'mavidiyo umaoneka ngati wa makedzana uli ndi zaka pafupifupi 140 basi.

Dan yoyamba si pansonga

M'Chijapani dan 1 imatchedwa shodan, kutanthauza sitepe yoyamba. Mawu okhawa akuyankha funso la muphwa wanga. Lamba wakuda sanena kuti munthu amagwetsa anthu angati. Amanena kuti gulu la aphunzitsi lamuyesa n'kuvomereza kuti zoyambira wazigwira, tsopano akhoza kuyamba kuphunzira mozama. Ku Japan si zachilendo kuona mwana wa sekondale ali ndi shodan ya judo.

Amene anakwerapo phiri lathuli wapansi amvetsa. Ukachoka m'tauni n'kufika pa Ku Chawe, thukuta lili kamukamu, umayang'ana pansi n'kuona Zomba yense, ndipo umati ndafika. Wafikadi pamwamba, palibe angakutsutse. Koma nsonga ya Malumbe, yopitirira mamita 2,000, ikadali kutali, ndipo njira za pamwambapo n'zambiri kuposa imene wakwerera.

Malamba amitundumitundu, achikasu, obiriwira, abuluu, anafala kwambiri ku Ulaya, makamaka kudzera mwa Mikinosuke Kawaishi amene ankaphunzitsa judo ku Paris kuyambira m'ma 1930. Ophunzira ankafuna kuona ndi maso kuti akupita patsogolo, m'malo movala lamba woyera zaka zingapo. Palinso nthano imene imakambidwa m'makalabu ambiri, yakuti kale munthu ankavala lamba woyera osamuchapa mpaka kuda ndi litsiro, ndiye chiyambi cha lamba wakuda. Ndi nthano yokoma, koma ilibe umboni, ndipo amayi amene amachapa yunifolomu ya mwana Loweruka lililonse asaimvere.

Pamwamba penipeni mtundu umasinthanso. Ku Kodokan a dan 6 mpaka 8 amatha kuvala lamba wa zigamba zofiira ndi zoyera, ndipo a dan 9 ndi 10 wofiira yekhayekha. Anthu amene Kodokan yawapatsa dan 10 chiyambire ndi 15 okha, atatu mwa iwo nthawi imodzi mu 2006: Toshiro Daigo, Ichiro Abe ndi Yoshimi Osawa, onse ali okalamba. Apa mpofunika kumvetsa bwino. Madan oyambirira amayesa kwambiri zimene thupi likuchita pamkeka womenyerana. Madan apamwamba amayesa zaka zimene munthu watumikira, ophunzira amene watulutsa ndi zimene wachitira masewerowo. Agogo a dan 9 akhoza kugwetsedwa ndi mnyamata wa dan 2, ndipo palibe chimene chalakwika. Ku Cobbe Barracks nakonso, amene amathamanga kwambiri pagulu si amene ali ndi nyota zambiri paphewa.

Dan ya uyu si dan ya uyo

Palibe bungwe limodzi padziko lonse loyang'anira malamba onse. Mtundu uliwonse wa masewero uli ndi malamulo ake, ndipo mu karati mokha muli masitayelo angapo, monga Shotokan, Goju-ryu, Shito-ryu ndi Wado-ryu, aliwonse ndi mabungwe awo oyesa.

Mu taekwondo ya ku South Korea, satifiketi zambiri za dan zimachokera ku Kukkiwon, likulu lomwe linatsegulidwa ku Seoul mu 1972. Kumeneko mwana wosakwana zaka 15 sapatsidwa dan, amapatsidwa giredi ya ana yotchedwa poom, yomwe lamba wake ndi wofiira theka, wakuda theka. Nthawi yodikira imakulanso ndi dan: chaka chimodzi kuchoka pa 1 kupita pa 2, zaka ziwiri kupita pa 3, zitatu kupita pa 4. Mu jiu-jitsu ya ku Brazil zinthu n'zina. Wamkulu amadutsa lamba woyera, wabuluu, wapepo ndi wabulauni, ndipo ambiri amatha zaka pafupifupi 10 asanaone wakuda. Nkhonya ndi kugwetsana kwa ku Olimpiki zilibe malamba a giredi n'komwe. Lamba wa nkhonya ndi chikho cha wopambana, amene mawa akhoza kulandidwa.

Choncho anthu awiri akhoza kuima limodzi pa Mpondabwino, onse a lamba wakuda, onse oona mtima, wina atamutenga pa zaka 3, wina pa zaka 11. Zili ngati madigiri a m'mayunivesite osiyana: dzina ndi limodzi, koma ofuna kudziwa amafunsa kuti unaitenga kuti, anakuyesa ndani.

Mbiri ya Keiko Fukuda ikusonyeza kuti nambala ya dan imanenanso za malamulo a bungwe, osati luso lokha. Mayiyu anaphunzira judo ku Kodokan Kano adakali moyo. Anafika dan 5 mu 1953, n'kukhala pomwepo mpaka 1972, chifukwa akazi sankakwezedwa kupitirira apo. Kodokan inamupatsa dan 9 mu 2006, bungwe la judo la ku America linamupatsa dan 10 mu 2011, ndipo anamwalira mu 2013 ali ndi zaka 99. Munthu mmodzi, madan awiri osiyana, onse ovomerezeka kwawo.

Kadontho ndi njira zitatu zodulira nambala

Dan ilibe kadontho. Palibe dan 1.7, ngakhale kuti amene wangolandira kumene shodan ndi amene watsala mwezi umodzi kuyesedwa dan 2 ndi anthu osiyana kwambiri. Koma tikafika pa sikelo ndi pa mapointi a oweruza, kadontho ndiye mwini nkhani.

Manambala a kumanja kwa kadontho ndi zidutswa za chinthu chathunthu: malo oyamba ndi magawo a 10, achiwiri ndi magawo a 100. Akatswiri a masamu achiarabu ankalemba kale zoterezi m'zaka za m'ma 900, ndipo ku Ulaya zinafala Simon Stevin atazifotokoza mu 1585. Kuno kwathu zinalowa m'thumba la aliyense mu 1971, pamene kwacha ya matambala 100 inalowa m'malo mwa mapaundi, masheleni ndi makobiri, omwe ankafuna kuwerenga m'ma 20 ndi m'ma 12. Lero tambala latsala pa lisiti ndi pa uthenga wa kubanki pokha. Pamsika wa Zomba palibe amene angakubwezereni matambala 35, ndiye tonse timaraunda tsiku lililonse osadziwa.

Kuraunda ndi kusiya nambala yaitali n'kutenga yaifupi yoyandikana nayo. Ofesi ya National Statistical Office, yomwenso ili konkuno, inapeza anthu 17,563,749 pa kalembera wa 2018. Wolemba nyuzi akati 17.6 miliyoni sananame, ndipo wa pawailesi akati pafupifupi 18 miliyoni sananamenso. Aliyense wasankha pomwe akudulira.

Vuto limabuka nambala ikathera pa 5 ndendende, pakatikati, ngati 8.45 ya muphwa wanga. Njira zodziwika ndi zitatu. Ya kusukulu imati 5 akweze, ndiye yankho ndi 8.5. Yachiwiri ndi kungodula mchira osayang'ana, ndiye 8.45 ndi 8.49 zonse zimakhala 8.4. Yachitatu, imene ena amaitcha ya kubanki, imati ukakhala pakatikati pita ku nambala yogawika ndi 2, ndiye 8.45 imakhala 8.4 koma 8.55 imakhala 8.6.

Yachitatuyi imaoneka ngati yamakani, koma ili ndi chifukwa. Manambala otsitsa ndi anayi, 1 mpaka 4. Okweza ndi anayinso, 6 mpaka 9. Tikati 5 azikweza nthawi zonse, ndiye kuti tapendekera mbali imodzi. Tengani 0.5, 1.5, 2.5 ndi 3.5. Pamodzi zikwana 8. Mukaraunda iliyonse mwa kusukulu mupeza 1, 2, 3, 4, zomwe zikwana 10. Mwa njira yachitatu mupeza 0, 2, 2, 4, zomwe zikwana 8. Pa nambala imodzi kusiyanaku n'kochepa, koma pa manambala zikwizikwi kumaunjikana. N'chifukwa chake muyezo wa masamu a m'makompyuta wa IEEE 754, wa mu 1985, unatenga njira imeneyi. Komabe mapulogalamu sagwirizana: ROUND ya mu Excel imasandutsa 2.5 kukhala 3, pomwe Python imapereka 2. Mnzake wa muphwa wanga, amene ankati 8.4, akanalephera funsolo m'kalasi, koma ali ndi omuikira kumbuyo.

Kudula mchira ndiye koopsa kukabwerezedwa. Msika wa masheya wa ku Vancouver ku Canada unayamba nambala yake yoyezera mitengo pa 1,000 mu 1982, ndipo kompyuta inkadula mchira pa malo achitatu nthawi iliyonse ikawerengetsanso, kambirimbiri patsiku. Pofika mu November 1983 nambalayo inali pa 524.811. Atawerengetsa bwino anapeza kuti imayenera kukhala 1,098.892. Madontho anadzaza mtsuko, koma chotsitsa.

Msampha wina ndi kuraunda kawiri. 49.46 ukaifikitsa pa malo amodzi ndi 49.5, ndipo ukairaundanso ikhala 50. Koma kuchoka pa 49.46 kupita molunjika ku nambala yathunthu ndi 49. Pamene malikisi okhozera ndi 50, wophunzira mmodzi yemweyo wakhoza kapena walephera malingana ndi dzanja limene lagwira kakyuleta.

Pa sikelo: magalamu amene amathetsa ulendo

Pampikisano saika anthu potengera lamba yekha, amawaika potengera kulemera. Mu judo ya akuluakulu, amuna ali ndi malire a makilo 60, 66, 73, 81, 90, 100 ndi opitirira 100, ndipo akazi 48, 52, 57, 63, 70, 78 ndi opitirira 78. Harriet Bonface, amene anaimira Malawi pa Olimpiki ya ku Tokyo mu 2021, anali m'gulu la makilo 48.

Masikelo a mipikisano yotere amaonetsa nambala imodzi kumanja kwa kadontho, ndiye kuti sikeloyo imaraunda yokha isanaonetse. Ikakhala yotengera nambala yoyandikira, wolemera 73.04 imamulemba 73.0 ndipo walowa, wolemera 73.06 imamulemba 73.1 ndipo watsala. Kusiyana kwawo ndi magalamu 20, madzi omeza kamodzi.

Bungwe la judo la dziko lonse, IJF, limayeza osewera tsiku loti mawa amenya, kenako m'mawa wa mpikisano limasankha ena mwamaere n'kuwayezanso. Pa kuyeza kwachiwiriku munthu asapitirire malire ake ndi 5 peresenti, pofuna kuletsa anthu kudziumitsa thupi madzulo n'kudzafufuma usiku. Tsopano werengani: 5 peresenti pamwamba pa 73 ndi 76.65. Pamwamba pa 81 ndi 85.05, pamwamba pa 57 ndi 59.85. Zonsezi zathera pa 5, pakatikati penipeni, pomwe sikelo ili ndi malo amodzi okha. Funso la m'kope la muphwa wanga lija lafika pa tebulo la akuluakulu. IJF inatenga njira ya kusukulu: 76.7, 85.1 ndi 59.9. Ikanatenga njira yachitatu ija, malire akanakhala 76.6, 85.0 ndi 59.8, ndipo wina amene lero amamenya bwenzi akuonerera.

Nkhani ya magalamu 100 ija, ya pa Olimpiki ya ku Paris mu 2024, inali ya kugwetsana, osati judo. Vinesh Phogat wa ku India, wa gulu la makilo 50, anadutsa sikelo tsiku loyamba, napambana ndewu zitatu, kuphatikizapo kugonjetsa Yui Susaki wa ku Japan amene ankateteza golide. M'mawa wa tsiku la fainolo anapezeka atapitirira ndi magalamu 100, kulemera kwa mazira awiri ang'onoang'ono. Anachotsedwa, sanapatsidwe ngakhale siliva, ndipo khoti la zamasewero la CAS linakana apilo yake. Ena amati 50.1 ndi 50 basi, bwanji osaraunda. Ena amayankha kuti mukalola 50.1, mawa wa 50.2 adzafunsa chomwecho, ndipo amene anavutika kuti afike 50.0 mwamulanga. Mayi wogulitsa mpunga wa ku Chilwa amatha kuwonjezera kadzanja ka basela kasitomala akadandaula, chifukwa wotaya ndi mwini yekha. Pampikisano basela wa mmodzi amachokera m'thumba la mnzake.

Mapointi a kata: pamene 28 si 28

Kata ndi mndandanda wa mayendedwe, nkhonya ndi mateche amene munthu amachita yekha, ngati akumenyana ndi adani osaoneka. Palibe wogwa, ndiye oweruza amapereka mapointi. Karati itaseweredwa pa Olimpiki ku Tokyo, oweruza anali 7, aliyense akupereka pakati pa 5.0 ndi 10.0. Mapointi awiri apamwamba ndi awiri apansi ankatayidwa, atatu otsala n'kuphatikizidwa. Luso la kachitidwe linkatenga 70 peresenti, mphamvu ndi liwiro 30 peresenti.

Mu fainolo ya akazi, Sandra Sánchez wa ku Spain anapeza 28.06, Kiyou Shimizu wa ku Japan 27.88. Pa luso anafanana, onse 19.60. Anasiyana pa mphamvu, 8.46 kwa 8.28. Mukaraunda ku nambala yathunthu, onse ali ndi 28. Golide anali mu 0.18. Koma onaninso kuti malo awiri a kumanja kwa kadonthowa sanachokere m'maso mwa woweruza aliyense, anabadwa pochulukitsa ndi 0.7 ndi 0.3. Nambala kukhala ndi mchira wautali sikutanthauza kuti diso limene linaiyambitsa linkaona bwino chotero.

Zimene sizinathe kukambidwa

Funso la malamba akuda a ana ndilo loyamba. Ena amati lamba wakuda kwa mwana wa zaka 10 amamulimbikitsa ndipo ngati wakhoza mayeso palibe chomumanira. Ena amati lambayo amanenanso za kukhwima maganizo ndi kutha kuphunzitsa ena, ndiye mwana adikire, monga a poom amachitira. Mabungwe sanagwirizane pa msinkhu umodzi.

Palinso nkhani ya ndalama. Mayeso a dan amalipiridwa, satifiketi zakunja zimafuna madola, ndipo woyesa wovomerezeka nthawi zina amachokera kutali. Mnyamata wa ku Sadzi amene waphunzira zaka 8 koma sanakwanitse kulipira, ndi wina amene walipira msanga kubungwe lofewa manja, nambala zawo zikunena zoona ziti? Lamba weniweniyo amagulidwa ngati nsalu ina iliyonse, ndiye kholo lofuna kudziwa za mphunzitsi wa mwana wake limatsala ndi mafunso atatu: dan yanu ndi ya sitayelo iti, anakuyesani ndani, liti. Koma nanga ndani ayenera kusunga kaundula woti kholo likatsimikizireko, bungwe la masewerowo m'dziko muno kapena likulu lakunja?

Pa sikelo mkangano ukadalipo ngati kuyeza kwa tsiku lachiwiri kuzikhala ndi kampata, ndipo kakhale kakakulu bwanji kuti kasabwezeretse mchitidwe wodziumitsa thupi. Kuno funsoli limayambira pansi kwambiri. Masikelo a malonda amayesedwa ndi a Malawi Bureau of Standards, koma kalabu yaing'ono imayezera ana pa sikelo ya kubafa yobwereka, yomwe ukaisuntha kuchoka pasimenti kupita pamkeka imasintha maganizo. Mwana amene kwawo amalemera 47.9 akakafika kumpikisano ku Lilongwe n'kupezeka 48.1, walakwa ndi iye, mphunzitsi wake, kapena sikelo?